Kuwolotsa Kabawuti

Lolemba, 3 Juni

Kwazizira. Zala zikukana kugwira hamala.

Msewu watsopano autsegula lero. Kale tinkawoloka kamsewu kamodzi kokumbikakumbika, magalimoto akuyenda ngati ali ndi matuza kuphazi. Tsopano njira zinayi, ziwiri zopita, ziwiri zobwera, pakati kampanda ka simenti kolekeza m'bondo. Phula losalala. Maloboti palibe. Chitunda chochepetsa liwiro palibe. Mlatho wa oyenda pansi akuti adzamanga. Sukulu ya mwana wanga Kabawuti ili tsidya linalo.

Mwana mmodzi yekhayo. Zaka zisanu ndi chimodzi, mano akutsogolo palibe, miyendo yosadziwa kuima. Ine ndimachoka kusanayere bwino, amake chimodzimodzi, zochapa za ku hotela sizidikira munthu. Womuperekeza ndi madala, bambo anga. Chimwalirireni amayi akukhala nafe. Miyendo idakalipo. Maso ndiwo ayamba chifunga.

Ku galaja kwabwera galimoto yotuwa. Bampa yang'ambika kumanzere, nyali yasweka, ndiye dzenje pa boneti, lozungulira ngati wina wakanikizapo mbale. Mwini wake wa tayi, akuti wagunda galu. Akuifuna msanga. Abwana apereka kwa ine.

Galu ndimamudziwa. Galu amathera pansi pa bampa, amasiya ubweya. Ng'ombe imaphwanya zonse. Munthu wamkulu amathyola bampa, mutu n'kukamenya galasi. Dzenje ili lili kutsogolo kwenikweni kwa boneti, galasi lili bwinobwino. Ndinayeza ndi tepi. Ndinayezanso.

Chimfine, mnzanga wopopera penti, anasuzumira n'kuyetsemula. "Galu ameneyu amavala yunifolomu." Anaseka yekha, kenaka anasiya.

Abwana ati ife timawongola chitsulo, mafunso ndi a apolisi.

Lachiwiri, 4 Juni

Dzulo madzulo ndinamuimika Kabawuti pachitseko n'kumuyeza ndi tepi ya kuntchito. Iye kumaseka, akuti ababa mukundisokera diresi? Amake ati mwana si chitseko cha galimoto. Ndinati ndikufuna kumukonzera kabedi.

Muyeso ndi womwewo wa pa galimoto ija.

M'minibasi ndinakhala kutsogolo. Sindidzakhalanso. Maso onse pa phazi la dalaivala. Silichoka pa moto. Msewu watsopanowu wawapatsa mapiko onse. Mayi wina wa mtolo pamutu anaima pakati pa njira, dalaivala anangoliza hutala n'kumuzemba, uku akukambirana ndi kondakitala za mpira.

Pobwera minibasi imanditula tsidya la kusukulu. Ndiye kuti nanenso tsiku lililonse ndiziwoloka. Lero ndinaima nthawi yaitali. Anthu obwera pambuyo panga anawoloka n'kundisiya.

Ndawauza madala: muzimugwira pamkono, osati pachikhatho, chikhatho chimaterera. Muziwoloka njira ziwiri, muziima pa kampanda, muzipuma. Galimoto zoyera ndi zotuwa sizioneka bwino m'mamawa. Sanamalize kumva. Akuti tauni ino anaiyenda ndi makalata a ku ofesi ine ndisanabadwe, palibe kanjira komwe sakadziwa, ndisawaphunzitse kuyenda. Amake ananditsina pamsana.

Shuga watha. Nsapato ya mwana yayasama kutsogolo, ndimata mawa.

Lachinayi, 6 Juni

Ndadzimenya chala chachikulu ndi hamala. Chikhadabo chada. Chiyambireni ntchitoyi sindinadzimenyepo chotere. Wina anangoponda mabuleki kunja kwa geti, basi, dzanja linapita lokha.

Madala ali ndi foni koma saimva. Ndinaimba mpaka Chimfine anati ndiwagulire belu la ng'ombe.

Ndiye madzulo amayi oyandikana nawo andipeza pampopi. Amati akuyamikira. Akuti mwana wanu ndi wochangamuka, lero waona mnzake tsidya lina, wasomphoka m'manja mwa agogo ake, liwiro, wawoloka yekha njira ziwiri zomaliza. Lole inachita kulira. Amanena akuseka.

Ndowa inadzaza n'kusefukira ndili chiimire.

Sindinamumenye. Ndinamukhazika pamwendo n'kumufotokozera. Iye maso pa chala changa chakudachi, akufunsa ngati chikhadabo chidzameranso. Mawu salowa. Kwa iye galimoto ndi chinthu chomwe ababa amakonza. Madala ati anangoterereka pang'ono, sizichitikanso.

Ndakumbuka mmene abwana anandiphunzitsira gilayinda nditangoyamba. Sananene zambiri. Anangondionetsa dzanja lawo, chala chimodzi cholekeza pakati. Mpaka lero sindiyatsa gilayinda osayang'ana kawiri. Kuona kumalowa. Kumva kumatuluka khutu linalo.

Loweruka timaweruka masana. Galimoto yotuwa ija sindinaikhudze boneti, tikudikira nyali.

Loweruka, 8 Juni

Ndapita naye. Amake ndinawauza kuti tikukaona kuntchito kwa ababa. Madala ati nawonso apite, awongole miyendo.

Mwana anasangalala. Chimfine anamuveka chophimba kumphuno, anamupatsa bisiketi, anamuuza kuti dzina lake la Kabawuti linachokera m'kabati ya mabawuti momwemu. Abwana kulibe.

Kenaka ndinamutengera kuseri. Ndinamuimika kutsogolo kwa galimoto ija, mimba pa bampa. Ndinati ona. Apa ndi pomwe miyendo inamenya. Ndinamuweramitsa mutu pang'onopang'ono mpaka unalowa m'dzenje lija. Unakwana ngati chivindikiro. Ndinati uyu analinso mwana wa sukulu, anasomphoka m'manja mwa agogo ake. Zimenezo ndinawonjezera ndekha, sindikudziwa. Ndinati chitsulo ichi ine ndimachiwongola ndi hamala yaikulu, thukuta kamukamu, koma mutu wa mwana unachipinda kamodzi. Ukuganiza kuti mutuwo unatsala bwanji?

Sanalire. Bisiketi ili m'manja. Anangofunsa: "Ababa, mwanayo ali kuti?"

Ndinati sindikudziwa.

Chimfine analowa m'chipinda chopopera n'kutseka chitseko. Madala anayandikira, anaika chikhatho m'dzenjemo, anachisiya momwemo kanthawi.

Pobwerera mwana anandigwira mkono ndi manja onse awiri. Pamsewu ndinachita kumunyamula. Mtima unakhala pansi pang'ono. Zalowa.

Lachiwiri, 11 Juni

Zikuyenda. Ndafunsa madala ngati mwana akusomphokanso, ati ayi, sakuchoka pambali pawo. Mwana wafatsa. Nyimbo zija zapakhomo zaleka, m'nyumba muli zii, koma kufatsa sikupha.

Boneti ndayamba kuiwongola. Hamala pansi, chitsulo chothira kumbuyo, pang'onopang'ono. Ikubwerera.

Ine ndiye sindikudya bwino. Pachifuwa ngati pakhala jeke. M'minibasi ndikumakhala kumbuyo kwenikweni, maso pansi, koma makutu sangatsekeke. Galimoto iliyonse yodutsa ndikumaiyang'ana boneti. Zambiri zinawongoledwapo, ndimaona penti wosiyana. Tauni yonse yadzaza maboneti owongola.

Lachinayi, 13 Juni

Wakodza pogona. Chisiyireni matewera sanachitepo. Amake achapa, ati mwina ndi kuzizira.

Lole itadutsa kuseri kwa nyumba analowa pansi pa tebulo. Ndinamutulutsa, thupi lonse gwaa.

Ndinatsegula kope lake kuti ndione zomwe alemba. Ine zowerenga sindipita nazo patali, koma tsamba lopanda kanthu ndimalidziwa. Chongani chofiira chomaliza ndi cha sabata yatha. Ndinafunsa. Anayang'ana agogo ake. Madala ati aphunzitsi masiku ano akuphunzitsa zapakamwa.

Nsapato ndinamata ija ilibe fumbi la bwalo la kusukulu. Fumbi la kumeneko ndi lofiira. Ili ndi lakuda.

Lachisanu, 14 Juni

Aphunzitsi aimbira amake kuntchito. Sabata yonse mwana sanaonekeko. Amafunsa ngati akudwala.

Amake anandiimbira akulira, ine ndili pansi pa galimoto. Ndinapempha abwana n'kuthamanga. M'minibasi monse mutu umangoona zinthu. Panyumba loko. Kumsewu kulibe. Ndinayenda m'mbali mwa phula ndikuyang'ana pansi, kufuna magalasi osweka, kufuna mchenga wothira pa magazi.

Wondiitana ndi womata matayala, wa kashedi ka m'mbali mwa msewu tsidya lathu lino. Akuti achimwene, mukufuna akuluakulu aja ndi kamtsikana? Anandilozera kuseri kwa mulu wa matayala akale.

Ali pomwepo. Madala pa thayala la lole, chipewa pamaondo. Kabawuti pambali pawo, chikwama kumsana, yunifolomu yosita bwino, akujambula pansi ndi kamtengo. Moyang'ana kukhoma, msewu ataufulatira.

Womata matayala akuti chiyambire Lolemba. Amafika m'mamawa, amaima m'mphepete mwa msewu atagwirana. Mpata ukapezeka, mwana amakokera m'mbuyo. Mwana akalimba mtima, akulu amati dikira, ikubwera ina. Amaima mpaka belu la kusukulu kulira tsidya linalo. Ndiye amabwera kudzakhala apa. Akamva anzawo akuweruka amadzuka n'kumapita kunyumba ngati achokera kusukulu. Iye amawagawira tiyi.

Ndinafunsa madala. Ati mwanayu ndi amene akukana. Ndinafunsa mwana payekha. Akuti agogo ndi amene akuopa, koma ndisawakalipire.

Lamulungu, 16 Juni

Amake adziwa za ku galaja. Wanena ndi mwana yemwe, akumusambitsa. Anangoti mutu wanga umakwana m'dzenje la galimoto, ababa anayeza.

Amake sanakuwe. Bola akanakuwa. Anamaliza kumusambitsa, anamudzoza, anamutuma kwa oyandikana nawo, kenaka anatseka chitseko. Zambiri ananena sindingazilembe. Chomwe chatsala m'mutu: "Magalimoto a eni mukuwongola, mwana wanu mwapinda."

Ndinati ndimafuna akhale moyo. Ati moyo wake uti, wa pansi pa tebulo?

Amake anapita kusukulu Lachisanu lomwelo. Aphunzitsi aakulu ati chitsekereni sukulu ina ija yomwe msewu unadutsapo, ana odikira malo ndi ambiri. Mwana wosadwala, wongojomba, sangamusungire desiki mpaka kalekale. Apereka mpaka kutha kwa mwezi. Sukulu ina ya tsidya lathu lino ndi yolipira, si ya anthu ngati ife.

Madala akhala m'chipinda tsiku lonse. Kutchalitchi sanapite, nako n'kowoloka. Ndinawapititsira madzi osamba. Ati kale munthu ukakweza dzanja galimoto inkaima, dalaivala ankakuona nkhope. Izi zamasiku ano magalasi akuda, sudziwa ngati muli munthu. Akuti akayang'ana kumanja, pobwerera kumanzere zonse zasintha. "Tauni yanga anaichotsa, aikapo ina."

Mawa ndimuperekeza ndekha. Abwana adula tsiku, adule.

Lolemba, 17 Juni

Sindikufuna kulemba. Ndilembe basi.

Ndinamunyamula kuchokera pakhomo. Nkhope anaibisa m'khosi mwanga, ndimamva mtima wake pa nthiti zanga. Njira ziwiri zoyamba ndinawoloka bwino, mothamanga. Ndinafika pa kampanda kapakati.

Pakati paja sindinaimepo m'mamawa ndi mwana m'manja. Malo ake ndi a phazi limodzi. Kutsogolo zikudutsa, kumbuyo zikudutsa, mphepo ya malole ikukankha uku ndi uku. Ndinaona mpata. Phazi silinanyamuke. Mpata wina. Osanyamuka. Boneti iliyonse ikubwera ndikuiyeza ndi maso, iyi ifika apa, iyi ifika apa. Makutu anayamba kulira. Ndinapezeka ndakhala pa kampanda, mwana ndamufinya.

Ndinamva kutentha pamimba. Wakodza. Yunifolomu yonse, malaya anga omwe.

Anati, "Ababa, mukundipweteka." Manja sanamasuke.

Ana ena amadutsa pambali pathu m'timagulu, ena ochepa kuposa iye, kumatiyang'ana. Belu linalira ndili pomwepo.

Anatichotsa ndi womata matayala. Anabwera ndi chinsanza chofiira, kuimitsa minibasi ndi mwano, n'kundigwira pachigongono ngati nkhalamba. Kutibweza tsidya lathu. Anandipatsa madzi. Akuti ndisachite manyazi, iye amaona anthu akuuma pakati paja tsiku lililonse, dzana anali msilikali.

Pamkono pa mwana patsala zala zanga. Amake aziona.

Lachitatu, 19 Juni

Dzulo anayesa amake. Anapempha kulowa mochedwa. Mwana anakumbatira mtengo wa magetsi wa m'mbali mwa msewu, atamukoka anawaluma padzanja. Lero ayesa nzeru ina, kukwera minibasi mpaka pozungulira magalimoto, kutsogolo uko, n'kubwerera nayo tsidya linalo, ngakhale ndi ulendo wolipira kawiri. Chitseko chitangotseguka mwana anadzigwetsa pansi, zala m'makutu. Kondakitala ati amayi, sitinyamula katundu wolira.

Ndiye ali panyumba, iye ndi agogo ake. Awiri m'chipinda chimodzi, makatani otseka. Madala ngakhale kukagula machesi pakona akutuma ana a eni. Ndevu osameta. Munthu amene ankayenda mpaka nsapato kutha mwezi umodzi.

Ine pobwera ndikumapitirira ndi minibasi mpaka pozungulira, n'kuyenda wapansi kubwerera. Kutali, ndimafika kutada. Amake ndawauza kuti ntchito yachuluka.

Sakundilankhula kwenikweni. Chakudya amaika patebulo n'kuvindikira.

Lendi yayandikira ndipo tsiku lija adula.

Lachinayi, 20 Juni

Galimoto yotuwa yatuluka. Chimfine anaipopera bwino, ngakhale ine sindingaloze pomwe panali dzenje. Mwini wake anasisita boneti n'kunena kuti ndili ndi manja abwino. Ndinapita kuseri kukasanza.

Madzulo ndinakhala pansi pafupi ndi tebulo, iye ali kunsi kwake ndi chidole. Sindinamukoke. Ndinangofunsa kuti chingachitike n'chiyani kuti awoloke. Anasisita chidole chake. Kenaka akuti aphunzitsi anawaonetsa chithunzi, anthu amawolokera pa mizere yoyera, pamizere galimoto siigunda munthu. "Msewu wathu ulibe mizere."

Madala anayankhira m'chipinda, mawu amphamvu koyamba sabata ino. Ati mwanayu akunena zoona. Pamizere galimoto imaima, ndi lamulo, iwo anawolokerapo zaka zonse za ntchito yawo. Msewu wopanda mizere si wowoloka munthu. Akanajambula mizere bwenzi nkhani itatha.

Womata matayala akuti anthu anapita kale kukadandaula, anauzidwa kuti mizere ibwera pamodzi ndi mlatho. Mlatho wake ngakhale dzenje la nsanamira sanakumbe.

Mwezi ukutha sabata yamawa.

Mizere ndi penti basi.

Loweruka, 22 Juni

Chimfine poyamba anakana. Akuti atimanga, komanso penti wa galimoto si wa phula. Ndinati ukamuthira wokhuthala agwira. Anandiyang'ana nthawi yaitali, anayetsemula, n'kupita kukasonkhanitsa zotsalira za m'zitini. Woyera wa mitundu itatu, tasakaniza. Akuti akuchitira mwana, osati ine, ine ndiye wofunika kundiwongola mutu ndi hamala yaikulu.

Ndatenga mabulashi awiri, chingwe, choko, thabwa loyezera, ndi zikwangwani zofiira zija zoika galimoto ikafera pamsewu. Ndabisa kwa womata matayala.

Kunyumba sindinanene. Akadziwa kuti ndi ine, sakhulupirira mizereyo. Ayenera kuganiza kuti abwera eni msewu.

Lamulungu, 23 Juni

Tapenta. M'bandakucha, magalimoto asanachuluke. Njira imodzi imodzi: kutseka ndi zikwangwani, kujambula ndi choko, kupaka, kudikira uume, kusuntha. Womata matayala ataima kutsogolo ndi chinsanza chake, atavala chovala chonyezimira chomwe anatola kalekale. Madalaivala amachepetsa liwiro, amayesa ndife a ntchito. Wina anatikwezera dzanja.

Chodabwitsa, ndili chogwada pakati pa msewu ndi bulashi sindinaope. Ntchito ndi ntchito.

Mizere yatuluka yowongoka, yofanana, m'mbali mwakuthwa. Umodzi wokha njinga yamoto inapondapo usanaume. Chimfine akuti eni msewu akaona achita nsanje.

Ndinasamba manja ndi thina wosungunulira penti kwa womata matayala, m'zikhadabo ndinachita kupala ndi msomali. Kunyumba ndinati ndinapita kukakoka galimoto yofa.

Masana amayi oyandikana nawo anabwera ndi nkhani: ajambula mizere, atimvera. Madala anavala jekete, anapita kukaona okha. Anabwera akuyenda mowongoka. Apempha lezala.

Lolemba, 24 Juni

Wawoloka.

Ndinabisala kuseri kwa matayala. Anatulukira awiriwo, madala atameta, nsapato zopolisha. Pamphepete mwana anaima. Anayang'ana mizere. Madala anakweza dzanja m'mwamba ngati wapolisi, n'kuponda. Minibasi inaima. Inaimadi. Ina kumbuyo kwake inaima. Anayenda osathamanga, iye akudumpha kuchoka pa mzere woyera kupita pa woyera, wakuda osaponda. Pakati anapuma. Njira ziwiri zinazo munalibe kanthu. Tsidya linalo anatembenuka n'kuwabayibitsa agogo ake.

Ndinakhala pa thayala, misozi yokha. Womata matayala ananamizira kufuna chinthu m'kashedi.

Aphunzitsi aakulu ati desiki ndi yake. Madzulo nyimbo zabwerera, zaphokoso, mawu olakwika momwemo. Kope lili ndi chongani chofiira. Wadya mpaka kupempha zina. Amake anandiikira chakudya osavindikira, anakhala nane mpaka ndinamaliza. Anayang'ana chikhadabo changa chakuda chija, m'mbali mwake mwatsala kachizindikiro koyera. Anachiyang'ana, anandiyang'ana. Sanafunse.

Madala akuuza aliyense pa mzere wa nyumba zathu kuti ana azidzera pamizere, iwo aziwatsogolera.

Lachitatu, 26 Juni

Ndikulemba pa benchi ya womata matayala. Kuntchito sindinapite.

Dzulo anandiitana pobwera. Akuti achimwene, mizere yanu ija anthu aikhulupirira, koma magalimoto sanaimve. Kulibe chikwangwani chowachenjeza patali, kulibe chitunda, amatulukira pa phiri paja ali pa liwiro, akamaiona amakhala afika kale. Ena amaima. Ambiri ayi. Kale anthu amawoloka ndi mantha, maso uku ndi uku, mothamanga. Tsopano akuyenda ngati ali pakhonde pawo.

Ndiye lero ndinabwera kudzaona.

Madala kutsogolo, dzanja m'mwamba. Pambuyo pawo ana asanu ndi awiri kapena kuposa, a nyumba zonse za kwathu, ena ongoyamba kumene. Kabawuti sakugwiranso mkono wa munthu. Ndiye akutsogolera nyimbo.

Lole inaima m'njira yoyamba. Iwo analowa. Kuseri kwa lole, m'njira yachiwiri, kukubwera galimoto yoyera. Ine ndikuiona. Iwo sakuiona, lole yawatchinga. Dalaivala wake sakuwaona. Sinachepetse. Ndinatsegula pakamwa, mawu osatuluka.

Chomwe chinachitika n'chakuti kamnyamata kena kanagwetsa botolo la madzi, Kabawuti anaima kuti atole, onse n'kuima naye, ndi madala omwe. Basi. Botolo. Galimoto inadutsa patsogolo pa madala, jekete linachita kuuluka. Iwo anangoigwedezera chala ngati mwana wamwano, n'kupitiriza. Ana sanasiye n'kuimba komwe.

Ngoziyo sanaione. Palibe anaona, koma ine ndi womata matayala. Iye wasiya ndi ntchito yomwe.

Thina ndili naye, chitini chathunthu, ndi bulashi ya waya. Lamulungu m'mamawa mizere ikhoza kuchoka yonse, phula n'kubwerera lakuda. Ndikafufuta, abwerera pansi pa tebulo, desiki ipita, madala atsekanso makatani. Ndikawauza kuti ndinapenta ndine, n'chimodzimodzi. Ndikasiya, ndiye kuti ana a eni onsewa ndawaitanira ndine pamsewu, ndi bulashi yanga.

Womata matayala akuti chinsanza chofiira ali nacho, koma iye sangasiye makasitomala m'mamawa ndi masana omwe. Wachiika pa benchi pambali panga. Akuti munthu aziima pakati paja, njira yachiwiri, pomwe lole imatchinga. Pakati pomwe paja ndinakhala pansi.

Abwana aimba kawiri. Sindinayankhe.

Belu loweruka lalira tsidya linalo. Madala awo akubwera kudzawatenga, akuyenda monyada. Ana ayamba kutuluka pageti. Chinsanza ndachitola, chikununkha mafuta, ndipo uyo Kabawuti, wa chikwama chofiira, akuthamangira kumizere. Ndilekere pomwepa, ndikupita.